Luso la ndodo ndi mpeni la ku Philippines mu Jeet Kune Do

Luso la ndodo ndi mpeni la ku Philippines, lomwe limadziwika ndi mayina atatu akuti arnis, eskrima ndi kali, ndi limodzi mwa maluso omenyana omwe amaphunzitsidwa m'masukulu ambiri a Jeet Kune Do masiku ano. Jeet Kune Do ndi luso lomenyana lomwe Bruce Lee anayambitsa ku United States m'chaka cha 1967, atasakaniza njira zochokera m'maluso angapo. Anthu ambiri amaganiza kuti Lee ndiye anaikamo ndodo ndi mpeni, koma mbali yaikulu ya ntchitoyi inagwiridwa ndi wophunzira wake Dan Inosanto, makamaka Lee atamwalira mu 1973. Inosantoyo anaphunzira lusoli kwa akuluakulu a ku Philippines omwe anapita ku America kukagwira ntchito m'minda. Kudzera mwa iye, eskrima inadziwika m'mayiko ambiri, koma panabukanso mkangano womwe ulipobe mpaka lero, wakuti kodi ndodo ndi mpeni ndi gawo la Jeet Kune Do kapena ndi luso loima palokha lomwe limangophunzitsidwira m'nyumba imodzi.

Mayina ndi chiyambi cha lusoli

Dziko la Philippines lili ndi zilumba zoposa 7,000 ndi zilankhulo zambiri, ndipo luso la ndodo si limodzi dziko lonse. Banja lililonse kapena mphunzitsi aliyense ankakhala ndi kaphunzitsidwe kake. Dzina lakuti arnis linachokera ku mawu a Chisipanishi akuti arnés, otanthauza zovala zodzitetezera pankhondo. Lakuti eskrima linachokera ku mawu akuti esgrima, otanthauza kumenyana ndi malupanga, ndipo limamveka kwambiri m'zilumba zapakati za Visayas, monga Cebu. Dzina lakuti kali likupezeka m'buku la Placido Yambao la 1957 lotchedwa Mga Karunungan sa Larong Arnis, koma linatchuka kwambiri ku America kusiyana ndi ku Philippines.

Aphunzitsi ambiri amayamba mbiri ya lusoli ndi nkhondo ya pachilumba cha Mactan, pomwe ankhondo a mfumu Lapulapu anapha Ferdinand Magellan pa 27 Epulo 1521. Antonio Pigafetta, yemwe anali nawo paulendowo, analemba za mikondo ya nsungwi, zishango ndi malupanga omwe eni chilumbacho anagwiritsa ntchito. Zolemba zakezo zimatchula zida, koma sizifotokoza kaphunzitsidwe kofanana ndi eskrima ya masiku ano. Olemba mbiri ena, monga Ned Nepangue ndi Celestino Macachor m'buku lawo la 2007 lonena za eskrima ya ku Cebu, amati lusoli linakhwima m'nthawi ya atsamunda a ku Spain, omwe analamulira zilumbazi kuyambira 1565 mpaka 1898. Iwo amati midzi ya m'mbali mwa nyanja inkafunika kudziteteza kwa achifwamba apanyanja ochokera kumwera, ndipo njira zakale zinasakanikirana ndi kamenyedwe ka lupanga ka anthu a ku Spain. Mawu ambiri a lusoli, monga baston, espada, daga, largo ndi corto, ndi a Chisipanishi.

M'zaka za m'ma 1900 lusoli linayamba kukhala ndi magulu odziwika. Gulu la Doce Pares linakhazikitsidwa ku Cebu mu 1932, ndipo m'zaka za m'ma 1950 Venancio Bacon anayambitsa kaphunzitsidwe ka Balintawak mumzinda womwewo.

Zida

Chida chophunzirira chachikulu ndi ndodo ya rattan, chomera choyanga cha mtundu wa kanjedza chomwe chimamera m'nkhalango za kum'mwera chakum'mawa kwa Asia. Ndodoyi imakhala yaitali masentimita pafupifupi 70. Imakondedwa chifukwa ndi yopepuka, ndipo ikatha imangoyoyoka ulusiulusi m'malo mothyoka n'kulasa munthu. Pomenyana zenizeni, anthu akale ankasankha ndodo zolemera za mitengo yolimba monga kamagong ndi bahi.

Zida zakuthwa zilipo za mitundu yambiri. Bolo ndi chikwanje chomwe alimi amalambulira m'munda, ndipo chinagwiritsidwanso ntchito pankhondo yolimbana ndi atsamunda. Kampilan ndi lupanga lalitali, kris nthawi zambiri limakhala lokhotakhota, pomwe barong ndi lalifupi, lotambalala ngati tsamba. Balisong ndi mpeni wopinda wa zigwiriro ziwiri womwe umapangidwa kwambiri m'chigawo cha Batangas, ndipo m'mayiko ena monga Britain ndi woletsedwa kugulitsa.

Wophunzira amaphunzira kumenya ndi ndodo imodzi, ndodo ziwiri, lupanga kudzanja lina ndi mpeni kudzanja linalo, mpeni wokha, komanso manja opanda kanthu. Kumenya ndi lupanga ndi mpeni nthawi imodzi kumatchedwa espada y daga.

Mfundo zikuluzikulu za kaphunzitsidwe

Mu karate ndi m'maluso ena ambiri a ku Asia, munthu amayamba ndi manja, ndipo amapatsidwa chida patapita zaka. Mu eskrima wophunzira amagwira ndodo tsiku loyamba. Aphunzitsi amati ndodo imaimira chikwanje kapena lupanga, ndipo dzanja lomwe lazolowera kuyendetsa chida limatha kuyenda chimodzimodzi ngakhale chidacho chitachotsedwa.

Mfundo yachiwiri ndi yowerenga njira zomwe chida chimadzera. M'malo moloweza mayankho osiyana a ndodo, mpeni, botolo ndi chibakera, wophunzira amayang'ana komwe chikuchokera: kumanja kapena kumanzere, kumwamba kapena kumunsi, modula kapena mobaya. Masukulu ambiri ali ndi njira 12 zowerengedwa ndi manambala, ena ali ndi zisanu zokha zotchedwa cinco teros. Manambalawa amasiyana malinga ndi mphunzitsi, koma kawirikawiri nambala yoyamba ndi kumenya mopingasa kuchokera kumanja kulunjika kumutu kapena pakhosi.

Mfundo yachitatu ndi yomenya dzanja lomwe lagwira chida. Dzanja la mdani ndilo limakhala pafupi kuposa mutu wake, ndipo likavulala chida chimagwa. Dzanja lopanda chida nalo silikhala chabe. Limatsekereza mkono wa mdani, kuukankha kapena kuugwira, ndipo eni lusoli amalitcha dzanja lamoyo. Mapazi amayenda motsata ngodya zitatu, kuti munthu achoke pomwe chida chikudzera koma akhalebe pamalo oti angathe kubwezera. Kutalikirana kwa omenyana kumagawidwa patatu: largo ndi patali pomwe ndodo imangofika padzanja, medio ndi pakatikati, ndipo corto ndi pafupi pomwe chigongono ndi tsinde la ndodo zimagwira ntchito.

Zambiri zimaphunziridwa awiriawiri. Sinawali ndi kaphunziridwe ka ndodo ziwiri komwe ndodozo zimapingasana mosinthana. Dzinali linachokera ku sawali, nsungwi zolukidwa zomangira makoma a nyumba, zomwe malukidwe ake amafanana ndi a lichero. Sumbrada ndi kupatsana mpata womenya ndi kutchinga mosalekeza, pomwe hubud-lubud ndi kaphunziridwe ka pafupi kophunzitsa manja kumva komwe mnzako akukankhira.

Mmene lusoli linafikira ku America

Dziko la United States linalanda Philippines mu 1898, ndipo kwa zaka zoposa 30 anthu a kumeneko ankatha kulowa mu America popanda chiletso. Gulu loyamba la ogwira ntchito m'minda ya nzimbe linafika ku Hawaii mu 1906. Ena ambiri anapita ku California, komwe ankakolola ndiwo zamasamba ndi zipatso. Mzinda wa Stockton unali ndi dera lotchedwa Little Manila, limodzi mwa madera aakulu kwambiri a anthu a ku Philippines kunja kwa dziko lawo. Lamulo la Tydings-McDuffie la 1934 linachepetsa olowa kufika pa anthu 50 pachaka. Ambiri mwa omwe anali atafika kale anali amuna, ndipo malamulo a California ankawaletsa kukwatira azungu, motero ochuluka anakalamba opanda mabanja. Amuna amenewa ankatchedwa manong, mawu a chilankhulo cha Ilocano olemekezera mkulu wako.

Pakati pa akuluakuluwa panali akatswiri a eskrima omwe ankaphunzitsana okhaokha, ndipo anthu akunja sankadziwa. Zinthu zinasintha mu 1966 pomwe Angel Cabales (1917–1991) anatsegula sukulu ku Stockton yophunzitsa aliyense. Iye ankaphunzitsa Serrada, kamenyedwe ka pafupi ka ndodo yaifupi. Max Sarmiento ankaphunzitsa za manja ndi mpeni, zotchedwa Kadena de Mano. Leo Giron (1911–2002), yemwe anamenya nawo Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse pachilumba cha Luzon, ankadziwika ndi kamenyedwe ka patali. Ku Hawaii kunali Floro Villabrille, ndipo iye ndi wophunzira wake Ben Largusa ndi ena mwa omwe anafalitsa dzina lakuti kali ku America.

Bruce Lee ndi Dan Inosanto

Bruce Lee anabadwira ku San Francisco mu 1940 ndipo anakulira ku Hong Kong, komwe anaphunzira Wing Chun kwa Ip Man. Atabwerera ku America anayamba kuona kuti kaphunzitsidwe kakale kamamanga munthu ndi miyambo yambiri. Jeet Kune Do, dzina la chilankhulo cha Cantonese lotanthauza njira ya chibakera chodukiza, inatenga mfundo zake zazikulu kuchokera ku Wing Chun, nkhonya za azungu ndi masewera a malupanga a ku Ulaya. Lee ankalimbikitsa ophunzira kuyesa chilichonse, kusunga chomwe chikugwira ntchito ndi kusiya chomwe sichikuthandiza.

Dan Inosanto anabadwa pa 24 Julaye 1936 ku Stockton, kwa makolo ochokera ku Philippines. Anagwirapo ntchito ya usilikali m'gulu la 101st Airborne Division, kenako anaphunzira kenpo kwa Ed Parker ku California. Malinga ndi zomwe iye mwini amafotokoza, Parker ndiye anamulimbikitsa kufufuza luso la makolo ake. Inosanto anakumana ndi Lee mu 1964 pampikisano wa karate wa ku Long Beach, womwe Parker anakonza. Lee atatsegula sukulu m'dera la Chinatown ku Los Angeles mu 1967, Inosanto ndiye ankaphunzitsa makalasi ambiri. Iye ndi mmodzi mwa anthu atatu omwe Lee anawapatsa chilolezo chophunzitsa, pamodzi ndi Taky Kimura ndi James Yimm Lee.

M'zaka zomwezo Inosanto ankapita kwa akuluakulu a eskrima monga Cabales, Sarmiento, Giron ndi John LaCoste. Iye anasonyeza Lee kamenyedwe ka ndodo, ndipo zimenezi zimaoneka m'mafilimu. Mu Enter the Dragon ya 1973, Lee amamenya alonda ndi ndodo ziwiri, ndipo mu Game of Death, yomwe mbali zake zinajambulidwa mu 1972 n'kutuluka mu 1978, Inosanto amaoneka ali ndi ndodo ziwiri asanamenyane ndi Lee. Komabe maphunziro a pasukulu ya Chinatown anali makamaka a manja ndi miyendo.

Lee anatseka masukulu ake cha m'ma 1970, napita ku Hong Kong kukapanga mafilimu, ndipo anamwalira pa 20 Julaye 1973. Chaka chotsatira Inosanto ndi Richard Bustillo anatsegula Filipino Kali Academy ku Torrance, California. Kumeneko anthu omwe ankabwera chifukwa cha dzina la Bruce Lee ankapeza ndodo za rattan zikuwadikira. Mu 1980 Inosanto anatulutsa buku lotchedwa The Filipino Martial Arts, lomwe linatchula aphunzitsi ake ndi kufotokoza njira zawo. Iye anayendanso m'mayiko ambiri kuchititsa maphunziro a masiku ochepa, ndipo sukulu yake, Inosanto Academy, ili ku Marina del Rey.

Zomwe eskrima inabweretsa

Chinthu choyamba chinali zida zenizenizo. Zomwe Lee anasiya zinalibe maphunziro adongosolo a ndodo kapena mpeni, ndipo eskrima inadzaza mpata umenewo.

Maluso awiriwa anagwirizana mosavuta chifukwa mfundo zina zinali zofanana kale. Lee ankaika dzanja lamphamvu kutsogolo monga amachitira a masewera a malupanga, ndipo wa eskrima nayenso amatsogoza dzanja lomwe lagwira chida. Lee ankaphunzitsa kudukiza mdani pomwe akuyamba kumenya, zomwe zikufanana ndi kumenya dzanja lomwe likubwera ndi ndodo. Hubud-lubud inaikidwa pambali pa chi sao, kaphunziridwe ka Wing Chun komwe anthu awiri amagundanitsa mikono n'kumamverana mphamvu.

Pa kumenyana kwa manja, eskrima inabweretsa njira zovulaza mkono kapena mwendo womwe ukumenya. Gunting, kutanthauza lumo kapena sizasi, ndi pomwe dzanja lina likupatutsa chibakera pomwe linalo likumenya mnofu wa mkonowo. Palinso kulandira chibakera ndi chigongono. Nkhonya za mtundu umenewu zimatchedwa panantukan m'masukulu a Inosanto, ngakhale ku Philippines mawu ofala ndi akuti suntukan. Dumog ndi kulimbana kokoka mutu kapena mkono kuti mdani apepuke miyendo.

Mkangano wa Jeet Kune Do yeniyeni

Pofika zaka za m'ma 1980 ndi 1990, otsatira a Lee anali atagawanika pawiri. Mbali ina, yotchedwa Jeet Kune Do Concepts, imati chomwe Lee anasiya ndi njira yofufuzira, choncho kuwonjezera eskrima, silat ya ku Indonesia, Muay Thai ya ku Thailand ndi jiu-jitsu ya ku Brazil n'kupitiriza ntchito yake. Mbali inayo, yotchedwa Original kapena Jun Fan Jeet Kune Do potengera dzina la Chitchaina la Lee, imati dzinali liyenera kukhala la zokhazo zomwe Lee anaphunzitsa ali moyo. Ted Wong, yemwe anaphunzira kwa Lee payekha, anali mmodzi mwa odziwika kumbali imeneyi. Mu 1996 mkazi wa Lee, Linda Lee Cadwell, ndi ena mwa ophunzira akale anakhazikitsa bungwe la Jun Fan Jeet Kune Do Nucleus pofuna kusunga zomwe Lee anaphunzitsa. Otsutsa kusakaniza amati Lee ankafuna kuchepetsa njira, osati kuzichulukitsa.

Inosanto mwiniwake amaphunzitsa zomwe analandira kwa Lee ndi luso la ku Philippines m'makalasi osiyana, ndipo amatchula mphunzitsi yemwe anamupatsa njira iliyonse. Kusakanikirana kumachitika kwambiri mwa ophunzira omwe amalowa makalasi onse awiri, n'kukatsegula masukulu awo pansi pa dzina limodzi.

Ku Philippines nako kuli madandaulo. Aphunzitsi ena amati dzina lakuti kali ndi nkhani yakuti ndilo mayi wa maluso onse a ndodo zinakulira ku America, ndipo mbiri yodalirika siikira kumbuyo zimenezo. Enanso amati munthu akatola njira pang'ono kwa aphunzitsi ambiri, amataya kuzama komwe kumapezeka pokhala zaka zambiri ndi kaphunzitsidwe kamodzi monga Balintawak kapena Serrada.

Kuyesa lusoli ndi kuopsa kwa mpeni

Funso lina ndi lakuti kodi kaphunziridwe ka awiriawiri, komwe mnzako amakupatsa mpata, kamathandiza pomwe mdani akumenya mwamphamvu zake zonse. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, Eric Knaus, Marc Denny ndi Arlan Sanford anayambitsa gulu la Dog Brothers, lomwe limamenyana ndi ndodo zenizeni za rattan atavala chophimba kumaso ndi magolovesi basi. Iwo anaona kuti ndewu zambiri zimathera pogwirana ndi kugwetsana pansi, motero anawonjezera jiu-jitsu ya ku Brazil ndi krabi krabong ya ku Thailand.

Za mpeni zinafikanso kwa apolisi. Mu 1983 Dennis Tueller, wapolisi wa ku Salt Lake City, anasonyeza kuti munthu wa mpeni angathe kuthamanga mamita pafupifupi 6.4 m'sekondi imodzi ndi theka, nthawi yomwe wapolisi amatenga kuti asolole mfuti ndi kuwombera. Vidiyo yophunzitsira apolisi ya 1988 yotchedwa Surviving Edged Weapons inasonyeza Inosanto ndi Leo Gaje wa kaphunzitsidwe ka Pekiti-Tirsia akuonetsa liwiro la mpeni. Aphunzitsi ambiri amachenjeza kuti ngakhale katswiri amavulala akalimbana ndi mpeni, ndipo kuthawa n'kwabwino kuposa kuyesa kulanda. Pophunzira amagwiritsa ntchito mipeni yobuntha ya mtengo, labala kapena aluminiyamu.

Maluso ena osakaniza

Jeet Kune Do si luso lokhalo lomwe linalandira eskrima. Kajukenbo inayambika mu 1947 m'dera la Palama ku Honolulu, Hawaii, pomwe anthu asanu anaphatikiza karate, judo, jujutsu, kenpo ndi nkhonya. Mtsogoleri wawo, Adriano Emperado (1926–2009), anali wa makolo a ku Philippines ndipo ankadziwa eskrima, yomwe imaoneka m'njira za Kajukenbo zodzitetezera ku ndodo ndi mpeni.

Ku Philippines komweko, Remy Presas (1936–2001) anasakaniza mbali inayo. Iye anatenga arnis ya kwawo ndi Balintawak n'kuwonjezera za karate ndi judo, kuphatikizapo malamba osonyeza msinkhu wa wophunzira, ndipo anatcha kaphunzitsidwe kake Modern Arnis. Pofuna kuti lusoli lilowe m'masukulu, anaphunzitsa kumenya ndodo ya mnzako pophunzira m'malo momenya dzanja lake.

M'mafilimu ndi m'masewera

Ophunzira a Inosanto analowetsa lusoli m'mafilimu a ku Hollywood. Jeff Imada anakonza ndewu za mu The Bourne Supremacy ya 2004 ndi The Bourne Ultimatum ya 2007, momwe Matt Damon amamenya ndi zinthu wamba monga magazini yokulunga ndi buku. Denzel Washington anaphunzitsidwa ndi Inosanto ndi Imada pokonzekera The Book of Eli ya 2010.

Kwawo kwa lusoli, boma linalivomereza mwalamulo pa 11 Disembala 2009, pomwe Pulezidenti Gloria Macapagal-Arroyo anasainira lamulo la Republic Act 9850. Lamuloli linati arnis ndi luso lomenyana komanso masewera a dziko la Philippines, ndipo linalamula kuti iziphunzitsidwa m'masukulu. Pampikisano pamakhala mbali ziwiri: anyo, pomwe munthu amaonetsa kayendetsedwe ka chida payekha kapena pagulu, ndi kumenyana kwa anthu awiri ovala zodzitetezera. Bungwe la World Eskrima Kali Arnis Federation, lomwe linakhazikitsidwa mu 1989, limachititsa mipikisano ya mayiko osiyanasiyana, ndipo arnis inali m'gulu la masewera olandirirapo mamendulo pa Southeast Asian Games ya 2005 ndi ya 2019, yomwe inachitikira ku Philippines.